Tionge Sagwira Nyundo

Dzanja langa lamanja linandikana Lachiwiri m'mawa, anthu onse akuona. Ndinakweza nyundo monga ndakhala ndikuikwezera zaka makumi awiri ndi zinayi, koma isanafike pamwala moto unandibaya pachigongono n'kutsika mpaka ku zala. Nyundo inandipulumuka, n'kukagwera pafupi ndi phazi la ba Chilekwa, amene amaphwanya miyala moyandikana nane.

"Iwe Felistus, ufuna unipaye?" anakuwa ba Chilekwa. "Ngati wakolewa, yenda ukagone!"

Ndinali nditagwira chigongono, mano ali gwa, misozi ikufuna kundichititsa manyazi.

Ife ndife azimayi ophwanya miyala ku Kanyama, mu Lusaka. Amuna amayatsa matayala pathanthwe kuti ling'aluke, ife n'kutenga zimiyalazo, kuziphwanya mpaka zikhale timiyala ta konkire, omanga nyumba n'kumagula pa wilibala. Tilipo khumi ndi anayi m'mbali mwa msewu, aliyense ndi malo ake. Anga ndi oyamba, pomwe galimoto imaimira ikangokhota. Aliyense amawasirira malowo, ndipo woyamba kuwasirira ndi ba Chilekwa, amene ali ndi mpongozi wongokhala pakhomo.

Tili ndi lamulo lathu, ndipo amalisunga ndi ba Petronella, tcheya wathu, mayi wamkulu thupi amene sanajombepo ku miyala ngakhale nthawi ya kolera. Nyundo yako ikakhala chete masabata awiri, malo amapita kwa wina. Zifukwa zovomerezeka ndi zitatu basi: maliro, uchembere, ndi fupa lothyoka looneka pulasitala. Pa zitatu zimenezi tcheya amazika nyundo yako pamulu wako wa miyala, mpini m'mwamba, n'kumangapo kansalu. Nyundo yomangidwa palibe amaikhudza, ngakhale mbala imailambalala.

Ndiye ndinapita ku kiliniki ndikupemphera pemphero lachilendo, lakuti fupa likhale litathyoka. Anandijambula ekisire. Ha! Fupa linatuluka loyera, lowongoka, lonyada ngati la mtsikana. Anandipatsa mapilitsi n'kundiuza kuti ndipume.

Ba Petronella anachikweza chithunzicho padzuwa ndi dzanja lamanzere, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Bamake Tionge, fupa ili chabe bwino," anatero. "Manje chamene chibaba ni chani?"

"Ulesi sunaonekepo pa ekisire," anaponyamo ba Chilekwa, ena n'kuseka.

"Lamulo muliziba," anapitiriza ba Petronella, mawu atawafewetsa. "Koma nkhani ni ing'ono. Muli na mwana mukulu. Tionge abwere agwireko nyundo mpaka mukapole, malo siyazayenda. Si mwamene munachitira imwe kuli bamayi banu?"

Apo ndiye anandiponda pachilonda. Inde, ndi mmene ndinachitira. Malo amenewa anawatsegula ndi amayi anga, a Maud, atangofika kuchokera ku Katete. Dzanja lawo litawakana monga langali, anthu anati ndi ulesi, ena anati ndi mowa, pomwe amayi sanalawepo ngakhale chibuku. Ine ndinali giredi 8. Anati ndikagwireko nyundo mwezi umodzi wokha. Mwezi umodziwo ndi uno ndikukambawu, wakwanitsa zaka makumi awiri ndi zinayi. Amayi anamwalira akulephera kumanga chitenje okha, ndipo mpaka kumanda palibe anadziwa dzina la chimene chinawadya dzanja.

Tionge wanga ali giredi 12, mayeso ali pakhomo. Atate ake, a Whyson, anapita ku Solwezi kukafuna ntchito iye akukwawa, ndipo zikuoneka kuti akuifunabe. Mwanayo ndamulera ndi nyundo imeneyi kuti iye asadzaigwire.

"Tionge sagwira nyundo," ndinatero.

"Ninshi malo yayenda."

"Malo sapita, ndipo Tionge sagwira nyundo. Zonse ziwiri."

"Wamene afuna vonse amaluza vonse," anatero ba Petronella. "Masiku yayamba kuwerengedwa."

Kunyumba Tionge anali atamva kale, pakuti ku Kanyama nkhani imayenda mofulumira kuposa minibasi. Anandipeza ndikulimbana ndi chidebe cha madzi, n'kundilanda.

"Amayi, ndikhoza kumapita masana ndikaweruka," anatero. "Mwezi umodzi wokha."

Nditamva mawu akuti mwezi umodzi, ndinalusa. Ndinamukalipira mwana wosalakwa mpaka aneba anasuzumira. Ndinamuuza kuti tsiku limene ndidzamuone ku miyala ndidzamuthamangitsa ndi dzanja lomwe latsalali. Analira, inenso ndinalira, koma mawu anga sindinabweze.

Namwino wa ku kiliniki anali atandinong'oneza kuti Lachinayi lililonse kumabwera anthu a kafukufuku wa mitsempha, m'kachipinda ka kuseri. Ku miyala tonse tinkawadziwa anthu amenewo, kapena tinkati tikuwadziwa. Ankati ndi a Satana. Ankati amakudula mnofu n'kupita nawo, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene ugwira chimauma, phindu lako likupita kwa iwo. Panalibe mmodzi wa ife amene anapondako, koma aliyense anali ndi msuweni wa mnzake amene zinamuchitikira.

Mantha ndinali nawo, ndisaname. Inenso ndimapemphera. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachinayi la sabata yachiwiri ndinavala diresi la kutchalitchi, ndinaika Baibulo m'chikwama kuti ngati ndi a Satanadi tionane bwino, n'kupita.

Ndinapeza kamtsikana koonda, ka magalasi, kakudya chimanga chootcha pawindo. Ndinafunsa kuti adokotala ali kuti. Kanapukuta m'manja n'kunena kuti ndi iyeyo, Dokotala Namukolo. Chinyanja chake chinali cha ku Mongu, chopindika apa ndi apo, koma ulemu unali wokwana.

Sanayambe ndi jakisoni. Anandiuza kuti nditambasule dzanja kutsogolo, chigongono chiwongoke, chikhatho chiyang'ane pansi, ndiye ndinyamule kampando kapulasitiki kamene kanali pamenepo. Ndinaseka. Ine wonyamula miyala, kampando ka ana? Ndinakagwira, ndinakakweza pang'ono, moto uja n'kubaya. Kampando kanagwa, ine ndinatukwana pamaso pa dokotala, Baibulo lili m'chikwama.

"Ni pamene apo," anatero osakhumudwa. "Pindani malaya, mayo."

Ndinazengereza. Pansi pa mkono wa diresi panali chinsinsi changa: legeni, mphira ya chubu cha galimoto, lomangidwa zolimba kunsi kwa chigongono. Ndinalimasula, pakhungu n'kutsala mzere wakuda.

"Anakuphunzitsani ndani kumanga apa?"

"Palibe. Ndinaona mzere ngati uwu pa dzanja la amayi anga tsiku lowasambitsa atamwalira."

Dokotala anauyang'anitsitsa mzerewo. Kenako anati legenilo ndamanga pamalo oyenera, limachepetsadi ululu, koma silipoletsa kanthu. Limangokulola kupitiriza kuwononga.

Anandipaka mafuta ozizira pachigongono n'kuyendetsapo kachipangizo, chithunzi n'kutuluka pa kanema. Anandionetsa ndi chala. Uwu ndi mtsempha, anatero, osati wa magazi, koma uja woyera wolimba umene umamanga mnofu ku fupa, umene mumalimbana nawo pa chiboda cha ng'ombe. Ekisire siuona, imaona fupa lokha. Pamene uli bwino umaoneka ngati ulusi woyalidwa mbali imodzi. Ndinauona ulusiwo. Kenako anasuntha pang'ono, ndipo pafupi ndi fupa ulusi unali wonyotsoka, wakuda pakati, ndi timadontho tofiira tikuphethira.

"Apa pang'ambika, ndipo patupa," anatero. "Si lelo. Ni zaka."

Abale, ndinalira. Sindinalire chifukwa cha ululu ayi. Ndinalira chifukwa chinthucho chinalipo, chinkaoneka, munthu wina ankachiloza ndi chala. Ndinalirira amayi anga.

Atandipatsa kapepala kopukutira, anandifotokozera za kafukufuku wawo. Anati bala la pakhungu limatupa, limatentha, kenako kutupako kumazima lokha bala n'kupola. Koma mumtsempha wa anthu ena kutupa sikuzima. Kumangonyeka pansipansi chaka ndi chaka, mtsempha n'kumafooka. Iwo akufuna kudziwa chimene chimakolezera motowo, ndi chimene chingauzimitse. Kuti adziwe, amapempha kachidutswa ka mtsempha wodwalawo, kochepa kuposa njere ya mpunga, kuti akakaunike.

"Mankhwala muli nawo?" ndinafunsa.

"Yamene tifuna tikalibe kuyapeza. Mwina yazatenga zaka. Sinizakunamizani."

"Nanga ndikakana kudulidwa?"

"Nizakuthandizani chimodzimodzi. Chithunzi na kalata muzatenga."

Apo ndinadziwa kuti si wa Satana. Satana sanganene kuti alibe mankhwala, ndipo sangakupatse kalata ulere. Ndinamufunsabe mafunso onse a ku miyala: mnofu wanga mupita nawo kuti, ausunga ndani, mukamaliza muutani. Anandiwerengera pepala lonse m'Chinyanja, mzere ndi mzere, osatopa. Ndinasaina ndi dzanja lamanzere, dzina langa n'kuoneka ngati lalembedwa ndi nkhuku. Anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi, ndinamva kuti tcha, basi zatha. Anamatapo kabandeji.

Chimene anandilamula ndi ichi: masabata asanu ndi atatu osagwira nyundo, ndi kulimbitsa dzanja pang'onopang'ono tsiku lililonse ndi kabotolo ka madzi, monga anandionetsera. Ntchito zopepuka ndikhoza kugwira. Ndikamvera, dzanja likhoza kubwerera. Ndikapanda kumvera, ndidzatsata amayi.

Lolemba m'mawa, tsiku lomaliza la masabata awiri aja, ndinafika ku miyala. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Lusaka lija loti likakumenya umaiwala dzina lako. Mpongozi wa ba Chilekwa anali ataima kale pafupi ndi mulu wanga, nyundo yatsopano ili m'manja, mtengo wogulira usanafufutike pampini. Ndinamuyang'ana kamodzi, anasunthira kumbuyo kwa apongozi ake.

Ba Petronella anaitanitsa azimayi onse. Ndinawapatsa chithunzi ndi kalata. Anazilandira ndi dzanja lamanzere, anayang'ana, n'kundibwezera.

"Ivi ni vithunzi va mitambo," anatero. "Lamulo ikamba vitatu. Maliro, uchembere, fupa. Mtsempha mulibe."

"Yanganani pa kwanja pake!" anakuwa ba Chilekwa ataona kabandeji, pakuti tsikulo mkono wa malaya ndinali nditaupinda. "Ayenda kuja! Agulitsa munofu! Manje afuna atiletele minyama tonse. Achoke!"

Azimayi anayamba kung'ung'udza, ena kubwerera m'mbuyo ngati ndili ndi khate. Mtima wanga unawira. Ndinayang'ana gulu lonselo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona chinthu chimene ndakhala ndikuchiona zaka zonsezi osachiona. Dzuwa lonselo, azimayi khumi ndi atatu, aliyense atavala malaya a mikono yaitali. Timati n'chifukwa cha fumbi. Ndinakumbukiranso kuti ba Petronella amalandira chilichonse ndi dzanja lamanzere, mayi amene amakalipira ana athu akapereka moni ndi lamanzere.

Ndinatola nyundo yanga ndi dzanja labwinoli n'kuiika pakati pa bwalo.

"Chabwino," ndinatero. "Ine ndine waulesi, ndine wa Satana, ndavomera. Inu olimba, bwerani. Nyundo iyi mumaikweza kambirimbiri pa tsiku. Lero muikweze kamodzi kokha, koma mmene ndinenere ine. Dzanja lamanja litambasuke, chigongono chiwongoke, chikhatho chiyang'ane pansi. Mukaikweza nonse mpaka paphewa, malo ndikusiyirani pompano, ndipo simudzandionanso."

"Ni masewera ya bana aya," anatero ba Chilekwa, akubwera mothamanga kuti nkhani ithe. Anatambasula dzanja, anagwira mpini, anakweza. Nyundo inafika m'mawondo. Nkhope yawo inakwinyika ngati alumidwa ndi nyerere, anati "Mayo!" nyundo n'kugwa. Dzanja lawo lamanzere linathamangira pachigongono, pamalo omwewo pamene pali kabandeji kanga.

Palibe anaseka. Ine ndinafuna kuseka, Mulungu andikhululukire, koma ndinadzigwira.

Anabwera wachiwiri, inagwa. Wachitatu anangoigwira n'kuisiya. Chipego, amene wangoyamba chaka chatha, anaikweza mpaka paphewa osamva kanthu, n'kuyang'ana anzake modabwa. Atsikana ena atatu anaikwezanso. Koma onse amene aphwanya miyala zaka zoposa khumi, mmodzimmodzi, inawakana. Wina anakana n'kuyesa komwe, anangokhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Anatsala ba Petronella.

"Tcheya," ndinatero, "nyundo ikudikira."

Anandiyang'ana ndi maso oti akanakhala mwala ndikanaphwanyika. Anabwera pang'onopang'ono. Anatambasula dzanja, koma chigongono sichinawongoke n'komwe, chinathera panjira. Anagwira mpini. Thukuta linatsika pamphumi. Nyundo sinachoke pansi.

Anaweramuka, akupuma ngati akwera phiri. Atayankhula, mawu awo sanali a tcheya.

"Manje wakondwela, Felistus? Watichosa nsalu pa bantu. Uganiza sitiziba kuti tibaba? Tikapumula tonse, bana bazadya chani? Vithunzi?"

Funso limenelo linandilasa, chifukwa yankho lake ndinalibe, ndipo mpaka lero ndilibe lonse. Koma ndinali nditafika patali.

"Sindinati tipume tonse," ndinatero. "Ine ndisefa fumbi la miyala, ndikuitanirani makasitomala, ndiphika tiyi, chilichonse cha dzanja limodzi. Chimene ndikukana ndi chimodzi. Tikudwala matenda amodzi tonse, tikubisirana pansi pa malaya, ndiye wina akagwa timamutcha waulesi n'kuitana mwana wake wamkazi kuti adzayambe kudwala nayenso. Amayi anga munawatcha aulesi, ba Petronella. Inu munalipo. Ine munandilandira ndi manja awiri ndili ndi yunifolomu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mdzukulu wanu uja wa giredi 7, mwamusungira nyundo iti?"

Ndinaona kuti ndawabaya. Ndinaganiza kuti andimenya, ndipo ndinakonzeka kumenyedwa.

Anatembenuka, anatola nyundo yanga ndi dzanja lamanzere, n'kuyenda nayo mpaka pamulu wanga. Mpongozi wa ba Chilekwa anapatuka. Anaizika pamwamba pa miyala, mpini m'mwamba. Kenako anayang'ana uku ndi uku kufuna kansalu, koma panalibe amene anakonzeratu, pakuti palibe ankayembekeza kuti lero kumangidwa nyundo. Chipego anayamba kung'amba m'mphepete mwa chitenje chake.

"Leka," anatero ba Petronella.

Anamasula batani la mkono wa malaya awo n'kuupinda, pamaso pa tonse. Kunsi kwa chigongono kunali legeni, lakale, lolowa m'mnofu. Chigongonocho chinali chotupa ngati bondo. Analimasula pang'onopang'ono, akuluma mlomo, ndipo pansi pake khungu linali loyera, lonyowa, losaona dzuwa zaka zambiri. Analimanga pampini wa nyundo yanga, mfundo ziwiri, akukoka ndi mano.

"Masabata eiti," anatero osandiyang'ana. "Wamene azagwira iyi nyundo azakambisana na ine."

Ba Chilekwa anayang'ana kumbali. Dzanja lawo linali likadali pachigongono.

Azimayi anabwerera m'malo mwawo, nyundo zinayambanso kulira, koma osati zonse. Ine ndinatenga sefa n'kukhala pafupi ndi mulu wa fumbi. Patapita nthawi ndinaona chithunzithunzi chitandiphimba. Anali ba Petronella, mkono wa malaya ukadali wopinda.

"Ba Maud," anatero motsitsa mawu, "sibanali baulesi. Nenze kuziba. Ine yanga inali itayamba kale."

Ndinapitiriza kusefa. Ndikanayankha ndikanalira, ndipo ndinali nditalira mokwanira mwezi umenewo.

"Uja dokota wako," anapitiriza, "amadula kwambiri?"

"Njere ya mpunga."

"Amabwera liti?"

"Lachinayi."

Anagwedeza mutu n'kubwerera kumalo awo. Masana ndinaona Tionge akudutsa pamsewu ndi anzake, akuchokera kusukulu, mabuku atawakumbatira pachifuwa. Anaima, anayang'ana nyundo yozikidwa ija ndi legeni lakuda pampini, n'kuyamba kuwoloka kuti abwere kwa ine. Ndinaimirira n'kumuloza njira ya kunyumba ndi dzanja lodwala lomwelo. Linapweteka, koma ndinalitambasula mpaka anatembenuka.